Nkhondo ya matabuleti a pantchito, ndi zimene ogula a ku Salima ndi Nkhotakota angatolepo

Pa kalembera wa anthu ndi nyumba wa mu 2018, uja anapeza kuti tilipo oposa 17.5 miliyoni, owerenga anthu a National Statistical Office anayenda khomo ndi khomo atanyamula matabuleti m'malo mwa mitolo ya mapepala. Ntchito zina zolemba anthu ndi zinthu zikulowera komweko: kaundula wa alangizi a zaumoyo, mndandanda wa alimi a nzimbe ndi a mpunga, mabuku a mabungwe obwereketsa ndalama, ngakhale maphunziro a ana a sitandade 1 mpaka 4 m'masukulu amene alowa mu pulogalamu ya BEFIT. Munthu wamba amagula tabuleti imodzi, ikatha basi yatha. Bungwe limagula makumi atatu kapena mazana awiri nthawi imodzi, n'kugulanso zikwama zake, malaisensi, mabatire ndi ntchito yokonza, ndipo likazolowera mtundu umodzi silisintha msanga. Ogula otere ndiwo makampani opanga makompyuta akhala akuwalimbirana kwa zaka zoposa makumi awiri.

Nkhondoyi inachitikira ku America, ku Korea ndi ku China, koma mmene ena anagwera ndi mmene ena anapulumukira zikufanana kwambiri ndi mmene matabuleti amafera m'makabati a maofesi a pa Kamuzu Road kapena ku Nkhotakota boma. Amene anagwa sanagwe chifukwa chipangizo chawo chinali chosaoneka bwino. Anagwa pa mapulogalamu, pa njira yoyang'anira zipangizo zambiri, ndi pa zimene zimachitika pambuyo pogulitsa.

Amene anayamba si Apple. Mu 2002 Microsoft inatulutsa Windows XP ya matabuleti, ndipo Compaq, Toshiba, Acer ndi Fujitsu anapanga makompyuta olembapo ndi cholembera chapadera. Anali olemera, odula, batire losachedwa kutha, ndipo anangokhazikika m'zipatala ndi m'makampani ochepa. Kunonso kwathu, a Baobab Health anayamba kuika makompyuta ongokhudza ndi chala pa chipatala cha Kamuzu Central cha m'ma 2001, zaka zambiri iPad isanabadwe, ndipo chimene ankachiyang'ana kwambiri chinali chimene tikuvutika nachobe lero: chipangizo chodya magetsi ochepa, choti namwino amene sanagwirepo kiyibodi achigwiritse ntchito.

iPad inatuluka mu April 2010 pa mtengo wa madola 499. Sinapangidwire ofesi, koma mabwana anaigula ndi ndalama zawo, n'kupita nayo kuntchito, n'kuuza anyamata a za makompyuta kuti ailumikize ku imelo ya kampani. Apa m'pamene HP, Dell, Lenovo ndi anzawo anadzidzimuka, chifukwa ofesi ndiyo inali munda wawo. Zimene zinatsatira zinatsimikiza mawu a akulu aja akuti kuthamanga si kufika.

Cisco inapanga Cius, tabuleti ya mainchesi 7 yogulitsa kwa makampani okha, yokhala ndi poikapo pake pofanana ndi telefoni ya pa desiki. Mu 2012 anaisiya, atazindikira kuti antchito akufuna kugwiritsa ntchito zipangizo zimene asankha okha. BlackBerry, imene kutchuka kwake konse kunali pa imelo yotetezeka, inatulutsa PlayBook mu April 2011 yopanda pulogalamu yakeyake ya imelo. Munthu ankayenera kuilumikiza ku foni ya BlackBerry kuti awerenge makalata. Imelo inadzabwera mu February 2012, kampaniyo italengeza kale kuti yataya madola 485 miliyoni pa matabuleti ongokhala m'nkhokwe. HP ndiye inachita zodabwitsa. Inagula kampani ya Palm pa madola 1.2 biliyoni mu 2010 pofuna webOS, pulogalamu yake yoyendetsera zipangizo, n'kutulutsa tabuleti ya TouchPad pa 1 July 2011, n'kuipha pa 18 August chaka chomwecho. Zotsala anazigulitsa pa madola 99 imodzi, anthu n'kuchita kulimbirana. Bungwe limene linagula zipangizo zimenezi kuti ligwiritse ntchito zaka zinayi linatsala manja ali m'khosi, chifukwa panalibenso wolemba mapulogalamu ake.

Microsoft itaona kuti anzake akulephera, inalowa yokha m'bwalo ndi Surface mu October 2012, zimene zinakwiyitsa makampani amene ankagula Windows kwa iyo. Mkulu wa Acer anadandaula poyera. Yoyambayo, Surface RT, inkaoneka ngati Windows koma sinkatha kuyendetsa mapulogalamu wamba a Windows amene maofesi anali nawo kale, ndipo mu July 2013 Microsoft inalengeza kuti yataya madola 900 miliyoni. Inadzaimirira ndi Surface Pro 3 mu 2014, imene kwenikweni ndi laputopu yochotseka kiyibodi. Pofika 2015 Dell ndi HP anayamba kugulitsa Surface Pro kwa makasitomala awo a makampani, katundu wa mdani wawo, kuopa kutaya kasitomala yense. Mu 2016 Dell inasiya kupanga matabuleti a Android.

Apple nayo inazindikira kuti kukongola pakokha sikukwanira. Mu July 2014 inagwirizana ndi IBM kuti alembe mapulogalamu a ntchito za mabanki, ndege ndi masitolo, chaka chomwecho inayambitsa njira yoti kampani ilembetse zipangizo zake zonse zisanatuluke m'bokosi, ndipo mu 2015 inatulutsa iPad Pro yokhala ndi kiyibodi ndi cholembera. Samsung inali itayamba kale Knox mu 2013, njira yake yotetezera ndi kuyang'anira mafoni ndi matabuleti a kampani, kenako Galaxy Tab Active mu 2014. Pambali panali ena osachita phokoso: Panasonic ndi Toughbook, Getac ya ku Taiwan, ndi Zebra, imene inagula Xplore mu 2018. Awa amapanga matabuleti a apolisi, a m'migodi ndi a m'nyumba zosungiramo katundu, okhuthala, osakongola, okwera mtengo kangapo kuposa wamba.

Ndiye lero msika wagawika patatu. iPad ili ndi mabwana, oyendetsa ndege, masitolo ndi mahotela. Windows ili ndi amene sangasiye mapulogalamu awo akale a pa kompyuta. Android ili ndi ntchito za kumunda ndi za khomo ndi khomo, ndipo ndi iyi imene imatikhudza kwambiri kuno kunyanja.

Chifukwa chake si mtengo wokha. Mapulogalamu odzaza mafomu amene ntchito za m'midzi zimadalira, ODK Collect, KoboCollect, Survey Solutions ya World Bank, DHIS2 Capture imene imagwira ntchito ndi DHIS2 ya zaumoyo, onsewa mapulogalamu awo a m'manja ndi a Android. Ina ya mafomu, CSEntry ya CSPro, imayenda pa Android ndi pa Windows. Bwana amene wakopeka ndi iPad pa msonkhano ku Lilongwe n'kugula makumi awiri adzapeza kuti pulogalamu ya kafukufuku wake mulibe m'sitolo ya Apple, ndipo chotsala ndi kudzaza mafomu kudzera pa intaneti, zimene ku Mwansambo kapena mkati mwa Lifuwu si zodalirika. Nkhani ya PlayBook ija yabwereranso. Choncho funso loyamba si lakuti tigule mtundu wanji, koma lakuti pulogalamu yathu ndi iti, imafuna Android ya nambala yanji, ndipo imagwira popanda netiweki kapena ayi. Onaninso ngati ikufuna Google Play: matabuleti a Huawei otuluka pambuyo pa chiletso cha America cha mu 2019 alibe mapulogalamu a Google, a Amazon Fire nawonso alibe, ndipo njira zambiri zoyang'anira zipangizo zimavuta pa amenewa.

Chachiwiri chimene chimagwetsa ambiri ndi GPS ndi simukhadi. Pafupifupi tabuleti iliyonse imatuluka mitundu iwiri, ya Wi-Fi yokha ndi yolowa simukhadi, ndipo kunja zimafanana ndendende. Galaxy Tab A9 ya nambala SM-X110 ndi ya Wi-Fi yokha; yolowa simukhadi ndi SM-X115. Wogulitsa akalemba dzina lokha pa kotesheni popanda nambala, mwayi ndi waukulu kuti akubweretserani yotsika mtengoyo. Pa iPad kusiyanaku ndi kwakukulu kuposa pamenepa, chifukwa ya Wi-Fi yokha ilibiretu GPS; imangoyerekeza malo pogwiritsa ntchito ma Wi-Fi oyandikana nawo, amene m'munda wa nzimbe mulibe.

Ngakhale GPS ilipo, musaikhulupirire mopitirira. Ya m'tabuleti wamba imaphonya ndi mamita atatu mpaka asanu pamalo oyera, ndipo pansi pa mitengo ya mango imaphonya kuposa apo. Polemba pomwe pali mjigo kapena nyumba zimenezi zilibe kanthu. Poyeza munda ndi nkhani ina. Munda wa theka la ekala ndi pafupifupi mamita 45 m'litali ndi 45 m'lifupi. Mamita asanu akawonjezereka mbali imodzi yokha, munda wakula ndi gawo limodzi mwa magawo khumi, ndipo feteleza, mbewu ndi ngongole zonse zawerengedwa pa munda umene kulibe. Woyeza aziyamba waima panja mphindi imodzi kapena ziwiri kuti nambala yosonyeza kuphonya itsike, fomu ikhale yokana kusunga malo ngati kuphonyako kwapitirira mamita asanu, ndipo pamene muyeso ukukhudza ndalama zambiri, gulani kachipangizo ka GPS kapadera kolumikiza ndi Bluetooth.

Tsopano dzuwa. Makampaniwa akamayesa katundu wawo amaganiza za ofesi ya mphepo yozizira. Apple imanena yokha kuti iPad igwire ntchito pamalo otentha pakati pa madigiri 0 ndi 35, ndipo matabuleti ena wamba sali kutali ndi pamenepo. Masana a October ndi November ku Salima amafika pamenepo popanda kuvuta, ndipo chipangizo chakuda chimene chili padzuwa, kapena pa dashibodi ya galimoto yotseka mawindo, chimatentha kuposa mpweya. Chikatentha chimadziteteza: chimachepetsa kuwala, chimasiya kutchaja, chimachedwa, mapeto ake chimazima. Vuto ndi loti kuwalako ndi kumene mukukufuna. Kuwala kwa sikirini amakuyeza mu manits. Tabuleti wamba imakhala pa 400 mpaka 500, zimene pamthunzi zimakwana koma padzuwa la masana munthu amangodziona nkhope. Zopangidwira panja za Panasonic, Getac ndi Dell zimafika pa 1,000. Mukakweza kuwala mpaka pamapeto, batire limatha msanga ndipo kutentha kumawonjezereka. Njira yotsika mtengo ndi kukonza ntchito: mafunso azichitikira pansi pa mtengo kapena pakhonde, fomu ikhale ya zilembo zikuluzikulu zakuda pa malo oyera, ndipo galasi lotetezera likhale losanyezimira.

Batire la lithiamu limadana ndi zinthu ziwiri zikakumana: kutentha ndi kukhala lodzaza. Tabuleti yosiyidwa pa tchaja usiku ndi usana m'chipinda cha malata chopanda siling'i imayamba kufufuma batire, ndipo chizindikiro choyamba ndi sikirini kutukuka m'mphepete. Ikatero musaikanikize, musaitchajenso. Ikhoza kuyaka. Matabuleti ambiri a Samsung ali ndi poletsa kutchaja kupitirira 80 kapena 85 peresenti, ndipo m'pofunika kuyatsa pamenepo pa zonse tsiku loyamba. Zikamakasungidwa miyezi ingapo pakati pa kafukufuku wina ndi wina, zizimitsidwe zili ndi moto wa theka, n'kumaziyang'ana pakapita miyezi itatu. Zosungidwa zopanda moto zimafika potsika kwambiri moti tchaja sizidzutsanso. Mabungwe ambiri amataya matabuleti m'kabati kuposa m'munda.

Apa m'pamene Galaxy Tab Active inapezera malo ake. Tab Active3, ya mu 2020, ili ndi batire la 5,050 mAh lochotseka ndi chala, imapirira kugwa kuchokera pa mita imodzi ndi theka ili m'chikwama chake, ili ndi chizindikiro cha IP68, ndipo imatha kugwira ntchito popanda batire ikakhala yolumikizidwa ku magetsi, zimene zimathandiza ngati yamangiriridwa m'galimoto kapena pa sikelo tsiku lonse. Pa IP68, nambala 6 ikunena kuti fumbi sililowa, 8 ikunena za kumizidwa m'madzi. Koma muyesowo ndi wa chipangizo chatsopano. Chikagwa kangapo kapena chikatsegulidwa ndi wokonza, malabala otchinga madzi aja samatanso ngati kale. Kwa olemba nsomba pa madoko a Senga Bay, Chia kapena Chipoka, vuto la tsiku ndi tsiku si kumira koma manja onyowa. Sikirini imamva madontho a madzi ngati chala, n'kumalemba zake. Cholembera chake chapadera kapena kansalu kouma m'thumba zimathetsa zambiri.

Chimene chimafa msanga kuposa zonse ndi potchajira. Mchenga ndi fumbi zimalowa, chingwe chimayamba kugwedera, munthu amachikanikiza, mano a mkati amapindika. Pewani zakale za micro-USB, zimene zimalowa mbali imodzi yokha ndipo anthu amazikakamiza chozondoka mumdima. Zolimba zija zili ndi timadontho tachitsulo m'mbali totchajira pa chokhazikapo chake, osalowetsa chingwe. Kwa zotsika mtengo, chikwama chokhala ndi kachitseko kotseka dzenjelo ndi zingwe zabwino zapadera ndi ndalama yochepa imene imapulumutsa yambiri.

Kutchaja kwenikweniko kumafuna masamu, makamaka pamalo a sola. Batire la 7,000 mAh limasunga mphamvu pafupifupi 27 Wh (Wh ndi muyeso wa mphamvu ya magetsi). Matabuleti 30 ndi 800 Wh, ndipo mukawonjezera zotayika m'matchaja mufika pa 1,000. Panelo ya 300 W pa maola asanu a dzuwa labwino imayenera kupereka 1,500, koma fumbi, kutentha ndi mawaya zimadyapo, n'kutsala pang'ono pamwamba pa 1,000. Pamenepo zikuoneka ngati zakwana. Chimene amaiwala ambiri n'chakuti masana matabuleti ali kumunda. Amatchajidwa usiku, kuchokera m'batire. Batire la asidi la 12 V 100 Ah pa pepala ndi 1,200 Wh, koma ngati mukufuna likhalitse musalidye kupitirira theka, ndiye 600 basi. Mukufunika awiri, kapena limodzi la lithiamu. Kudutsa mu inveta, kukweza moto kufika pa 230 V kenako n'kuutsitsanso kufika pa 5 V, n'kutaya mphamvu kawiri. Matchaja a USB olumikiza mwachindunji ku 12 V amapulumutsa zimenezi. Pamene pali magetsi a ESCOM, ikani chotetezera, chifukwa matchaja ambiri amapsa pa nthawi imene magetsi akubwerera.

Zonsezi ndi za thupi la chipangizo. Pamene makampani akulimbiranapo kwambiri masiku ano ndi posaoneka: njira yoyang'anira zipangizo zonse kuchokera pa kompyuta imodzi, imene a ntchitoyi amaitcha MDM. Microsoft ili ndi Intune, Samsung ili ndi Knox, Google ili ndi Android Enterprise, Apple nayo ili ndi yake, ndipo aliyense amadziwa kuti bungwe likalowa mwa iye kutuluka n'kovuta. Kwa ife phindu lake ndi losavuta kulimvetsa. Tabuleti yoperekedwa kwa munthu popanda MDM, pakangotha sabata imodzi ili ndi Facebook, TikTok, masewera a ana ndi zobetcha mpira. Bandulo ya mwezi yatha pa masiku anayi, ndipo mafomu sanatumizidwe. Si kuti antchitowo ndi oipa. Ambiri ndi chipangizo chabwino choyamba kulowa m'nyumba mwawo.

Kulembetsa kumachitika chipangizo chikadali chatsopano kapena chitafufutidwa zonse. Pa Android, mukayatsa koyamba n'kugogoda kasanu ndi kamodzi pa tsamba lokulandirani, pamatseguka pojambulira QR code ya MDM yanu, ndipo tabuletiyo imakhala ya bungwe kuyambira pamenepo. Mukatero mumasankha mapulogalamu ololedwa, kutseka kugawa intaneti kwa mafoni ena, kuletsa kufufuta chipangizo, kukakamiza nambala yachinsinsi, ndi kulamula kuti zosintha zikuluzikulu zizitsitsidwa pa Wi-Fi ya ku ofesi yokha. Pali njira ina yoposa iyi, imene wogulitsa amalembetsa manambala a zipangizo zanu kwa Samsung, Google kapena Apple, moti ngakhale wakuba afufute zonse, ikangogwira intaneti imabwerera m'manja mwanu. Koma imatheka pokhapokha wogulitsayo ali wovomerezeka ndi kampaniyo. Wogula ku Dubai n'kubweretsa m'sutikesi sangathe, ngakhale alonjeze. Muuzeni akuonetseni pa chipangizo chimodzi musanalipire.

MDM yambiri imalipidwa chaka ndi chaka, pa chipangizo chilichonse, m'madola. Pulojekiti ikatha, laisensi imatha, amene ankadziwa pasiwedi wapita, ndipo matabuleti operekedwa kwa khonsolo kapena kwa gulu la alimi amatsala okhomeka. Pasiwedi ya akaunti yaikulu ikhale pa imelo ya bungwe, osati ya munthu, ndipo anthu awiri aziidziwa. Musanapereke zipangizo kwa ena, zichotseni mu MDM laisensi isanathe.

Kukhomeka kwina n'kofala kuposa uku. Wantchito akalowetsa Gmail yake pa tabuleti yopanda MDM, kenako n'kusiya ntchito, inu n'kufufuta kudzera pa mabatani, chipangizocho chidzafuna akaunti ya munthu uja chisanatseguke. Google inaika zimenezi dala polimbana ndi akuba, ndipo Apple ili ndi yake yolimba kwambiri. Achinyamata a pa msika amatha kuzembetsa za Android zina, koma mukatero mwapereka chipangizo chokhala ndi mayina a odwala kapena ngongole za alimi kwa munthu wosamudziwa. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act ya 2024, ndipo udindo wosamala zimenezi uli pa bungwe limene linazitolera. Sungani lisiti yokhala ndi nambala ya chipangizo chilichonse ndi IMEI yake, nambala yapadera imene chipangizo chilichonse cholowa simukhadi chimakhala nayo. Ndi umboni umene kampani kapena apolisi angaumve.

Pa kutumiza mafomu tingonena mwachidule. Zimene zalembedwa popanda netiweki zimakhala m'tabuleti momwemo mpaka zitumizidwe, ndiye ikagwa m'ngalande ya ku Bua ndi ntchito ya masiku khumi, masiku khumiwo apita. Lamulo likhale kutumiza tsiku lililonse, ngakhale zitafuna kuyenda kupita pachulu pomwe Airtel kapena TNM imagwira. Fomu izichepetsa yokha kukula kwa zithunzi. Ndipo tabuleti ikakana kulumikizana ndi seva, kompyuta imene imalandira mafomu, pomwe netiweki ilipo, yang'anani deti musanaimbire wina aliyense. Batire likathera pansi wotchi imatha kubwerera m'mbuyo, ndipo seva imakana chipangizo cha deti lolakwika.

Nanga zaka zake? Kampani iliyonse imasiya kutumiza zotetezera pa chipangizo pakapita nthawi, ndipo nthawiyo imawerengedwa kuyambira pamene mtunduwo unatuluka, osati pamene inu mwagula. Tabuleti yatsopano m'bokosi koma ya mtundu wa zaka zitatu zapitazo yadya kale gawo lalikulu la moyo wake pa shelefu. Zopanda dzina lodziwika, zija zolembedwa manambala akuluakulu pabokosi, zambiri sizilandira chosintha n'chimodzi chomwe. Kumbali ya Windows, Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo. Ma Surface ndi ma Latitude a Dell akale amene maofesi a kunja ataya amafika kuno pa mtengo wokopa. Surface Pro ya mu 2017 siili pa mndandanda wa zololedwa Windows 11. Surface Pro 6 ilipo. Kusiyana kwa chaka chimodzi kokha.

Msodzi akamagula injini ya boti safunsa za penti. Amafunsa ngati makaniko wa pa doko amaidziwa ndiponso ngati sipeya wake amapezeka. Sikirini ya Samsung kapena Lenovo wamba mungaipeze ku Lilongwe, ulendo wopita n'kubwera tsiku lomwelo kuchokera ku Salima. Ya Getac kapena Toughbook iyenera kuitanitsidwa kunja, ndi ndalama zakunja zimene zikusowazi, ndipo chipangizo chidzakhala milungu chikudikira. Kwacha itatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, bajeti iliyonse ya zipangizo yolembedwa m'makwacha inachepa tsiku limodzi. Choncho sipeya agulidwe limodzi ndi katundu: tabuleti imodzi yapadera pa khumi aliwonse, zingwe, magalasi otetezera, ndi mabatire ngati ndi ochotseka. Waranti nayo ili ndi malire a dziko. Yogulidwa ku msika wa dera lina ingakanidwe kuno.

Ife tikuona motere. Ntchito zambiri za m'maboma awiriwa, zaumoyo, kafukufuku, ngongole, ulangizi, zimakwanira ndi tabuleti ya Android ya kampani yodziwika, ya mainchesi 8 kapena 9, yolowa simukhadi, RAM ya 4 GB, malo osungira a 64 GB, m'chikwama cha labala chokhuthala chokhala ndi lamba wa m'dzanja. Ya mainchesi 11 imaoneka bwino pa desiki koma imalemetsa dzanja pakatha ola, ndipo silowa m'chikwama cha pa njinga. Zolimba zija n'zoyenera kumene chipangizo chimakhala panja tsiku lonse, chaka chonse: pa sikelo ya nzimbe, pa doko, kwa oyendera nkhalango ya Nkhotakota. Windows igulidwe kokha ngati pali pulogalamu imene siyenda kwina, monga ya akaunti kapena ya makina ena a mu fakitale. iPad ndi chipangizo chabwino, chokhalitsa, ndipo pa malo olandirira alendo m'mahotela a ku Senga Bay ili pamalo pake; kumunda imagwa pa mapulogalamu ndi pa mtengo wokonzera.

Pogula ndi ndalama za boma kapena za mabungwe othandiza, kawirikawiri simuloledwa kutchula dzina la kampani mu tenda, ndipo apa m'pamene zachabechabe zimalowera, chifukwa wotsika mtengo amapambana ngati zofunika zalembedwa mosasamala. Kulemba kuti "tabuleti ya Android, mainchesi 8" n'kuitana aliyense. Lembani zoyezeka: nambala ya Android yocheperapo imene mungalandire, chaka chimene zotetezera zidzathere ndi umboni wochokera kwa wopanga, kuwala mu manits, 4G imene yayesedwa ndi simukhadi za Airtel ndi TNM, GPS ya mkati, USB-C, satifiketi ya Google Play Protect yosonyeza kuti Google inaivomereza, kulembetsa mu MDM, malo okonzera m'dziko muno ndi masiku amene kukonza kudzatenge.

Musanasaine za zonse, tengani ziwiri kapena zitatu za mtundu uliwonse umene wapikisana, muikemo fomu yeniyeni ya ntchito yanu, muwapatse antchito a kumunda, osati a mu ofesi, kwa milungu iwiri, makamaka nyengo yotentha. Azilemba moto wotsala pa 12 koloko ndi pa 4 koloko, kangati yazima ndi kutentha, masekondi angati GPS isanakhazikike, ndi malo amene foni yawo inagwira netiweki koma tabuleti ayi. Katundu yense akafika, tsegulani bokosi lililonse, yerekezani nambala ya mtundu ndi imene munayesa ija, chifukwa ogulitsa ena amaonetsa china n'kubweretsa china. Gawo lomaliza la malipiro lituluke pokhapokha manambala onse aonekera mu MDM yanu ndipo tabuleti iliyonse yatumiza fomu imodzi yoyesera ku seva.